Nambala 455 ija, Ababa

Ababa, lero akwana masabata atatu chikuikireni m'manda, ine ndili kuno ku Doha. Ndakumbuka tsiku lomwe ndinkalongedza katundu wa ulendo wobwera kuno. Munandiponyera m'chikwama kamkuwa kaja kotsala chipolopolo chikawombedwa, komwe agogo anabwera nako kuchokera kunkhondo ku Burma, inu n'kumayezera mbewu ya fodya. Ndinakatulutsa mokalipa: "Ababa, mukufuna akandimange pa eyapoti? Kumeneko sasewera!" Munangoseka, n'kuloza kunsi kwake. "Chabwino, anamwino. Koma poti mabuku mumachita kutafuna, mukandifufuzire 455 yalembedwa apayi. Ine ndimati inali nambala ya agogo anu ku usilikali." Zaka ziwiri zathunthu, mukafunsa pafoni, ndinkangoti, "Inshallah, ndikapeza off kuntchito."

Dzulo, m'basi yochokera kuntchito kubwerera ku Al Doha Al Jadeeda komwe ndimakhala, ndinafufuza pafoni. Si nambala ya agogo ayi. Ndi kukula kwa chipolopolocho, pafupifupi theka la inchi. Chinali cha mfuti yam'chiuno ya maofisala a ku Britain, yolowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Chinali chamtovu, chonenepa, cholemera, choyenda mochedwa poyerekeza ndi zinzake, komabe chinagwira ntchito pankhondo zonse ziwiri zikuluzikulu. Ndikudziwa mukanati, "Chonenepa ndi chochedwa ngati ine ndemwe," kenako n'kuitana aneba adzamve zomwe mwana wanu wapeza. Basi isanaime kachitatu, ndinali nditamaliza kuwerenga zonsezi. Pepani, Ababa. Usani mumtendere.