Mayi Wogulitsa Tomato

Ndikuphunzitsa pafupi ndi Nsaru, akuluampingo anandipatsa udindo wokonza masewero a achinyamata. Tinkayeserera Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa tchalitchi.

Loweruka lina kunabwera mtsikana wamtali, mphunzitsi watsopano pasukulu yathu. Asanakhale n'komwe pansi, anthu anali atayamba kale kunong'onezana. Bambo ake anali katswiri wa masewero a pa wailesi, munthu amene tonse tinakula tikumva mawu ake, moti ngakhale katsokomoledwe kake tinkakadziwa.

"Aphunzitsi, mbali yaikulu ija mupatse ameneyu," anatero mlembi wa gulu lathu.

Ndinakana, poopa kuti anthu anena kuti ndagonjera dzina. Ndinamupatsa mbali ya mayi wogulitsa tomato, wolankhula kawiri kokha m'sewero lonse. Sanadandaule. Ndinamva pambuyo pake kuti akaweruka ankapita kumsika, n'kukakhala pambali pa amayi a tomato kuti aone mmene amaunjikira milu ndi mmene amakalipira ogula.

Tsiku la sewero, atangomanga chitenje m'chiuno n'kukuwa kuti, "Musafinye tomato wanga ngati simugula!" anthu anafa nalo phwete. Potuluka, mkulu wina wa mpingo anamugwira dzanja. "Magazi sanama, mwanawe. Ndiwe bambo ako enieni."

Anathokoza mwaulemu. Koma tikubweza mabenchi m'kalasi anandiuza motsitsa mawu: "Ndikachita bwino amati ndi magazi. Ndikalakwa amati ndachititsa manyazi bambo. Nanga ine ndili pati?"

Ndinatula benchi pansi. Ndinamuululira kuti nanenso sindinamupime luso, ndinangomubisa pakona chifukwa cha bambo akewo.

"Ndinadziwa," anatero akumwetulira. "Ndiye lero mundiuze zoona, ndasewera bwanji?"

"Poyamba paja munatha. Koma kachiwiri munafulatira anthu, ndipo a kumbuyo sanamve kanthu."

Anaseka mpaka kuwomba m'manja. "Eti! Aka n'koyamba munthu kundiuza pamene ndalakwitsa."

Kuyambira pamenepo aliyense wofuna mbali yaikulu ankayamba waonetsa luso lake gulu lonse likuona. Ulendo wotsatira anapikisana atatu, ndipo anapambana mtsikana wina wamanyazi, mwana wa matenanti ochokera ku Mulanje amene ankalima fodya pa esiteti yapafupi. Mphunzitsi mnzathu uja, amene anali mmodzi mwa atatuwo, sanakwiye. Ankamuperekeza mpaka pamphambano, akumuphunzitsa kutulutsa mawu kuchokera m'mimba.

Nthawi ya mphunzitsi uja inadzakwana pa Khirisimasi, pamene anawaposa onse poyera. Anasewera ngati mayi amene mwana wake wabwera kuchokera ku Joni atadwala. Nditayang'ana kumbali ya amayi, ndinaona ambiri akupukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Inenso, amene ndinalemba mawuwo ndi dzanja langa, ndinaiwala kuti ndine woyenera kutseka nsalu, mpaka mlembi uja anandigwedeza paphewa.