Miyezi Imene Ankafufuza Achimwene

Achimwene anga anaimba foni ndili m'munda wa nandolo, m'munsi mwa phiri la Tumbine. Anati dzina lawo latumizidwa ku nyumba ya malamulo ya ku Malawi, boma likufuna kuwatuma kukakhala kazembe kudziko lina lakutali. Ndinakhala pansi pamzere pomwepo, ndikuseka ndekha.

"Musafulumire kusangalala, achemwali," iwo anatero. "Aphungu ayenera kundifunsa kaye mafunso, akhoza kundikana. Komanso zisanafike pamenepo, anthu achitetezo afufuza mbiri yanga yonse, kumene ndinabadwira, anzanga, abale anga. Mwina afika mpaka kwa inu."

"Ndiye ndikawauze chiyani?"

"Zimene akufunseni muyankhe. Basi."

Ife tinabadwa awiri okha. Bambo athu anali a ku Mulanje, mayi athu a kuno ku Milange. Achimwene anabadwira tsidya linalo, ine ndinabadwira kuno, ndipo nkhondo itavuta tonse tinathawira kwawo kwa bambo. Mtendere utabwera, bambo anali atamwalira kale. Ine ndi mayi tinabwerera kumunda wathu, achimwene anatsala kwa abambo aang'ono chifukwa sukulu inkawayendera. N'chifukwa chake iwo ndi Mmalawi wa muofesi, ine ndine mlimi wa ku Mozambiki, ngakhale tinayamwa bere limodzi.

Pobwerera kumunda tsiku limenelo, chimwemwe chinandithera m'njira. Ndinakumbukira amuna anga.

Amuna anga anagwidwa ndi ankhondo a kutchire ali mnyamata wosamera ndevu, akuchokera kosamba. Poyamba ankawasenzetsa katundu, kenako anawapatsa mfuti. Kuno palibe amene sadziwa zimenezi, ndipo si iwo okha, alipo ambiri. Anthu anasiya kale kuzikamba. Iwonso sazikamba. Chimene ndimaona ine n'choti sapha nkhuku. Alendo akabwera, mpeni ndimagwira ndine, iwo amapita kukaona mbuzi.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akumata chubu cha njinga ya munthu, poti imeneyo ndiye ntchito yawo ikakhala kuti kumunda kwachepa. Ndinawafotokozera zonse monga achimwene ananenera. Anasangalala ndithu, anati mayi akanakhala moyo akanavina mpaka kumsika. Kenako anayamba kumiza chubu m'beseni kufuna pamene pakutuluka mpweya.

"Achitetezowo amafufuzanso azilamu?" anafunsa.

"Kaya. Anangoti abale."

Patapita masiku angapo anandiuza kuti mlongo wawo wa ku Molumbo wakhala akudandaula za denga, ndiye akufuna akamufolerere mvula isanayambe. Mlongo wawoyo ali ndi ana aamuna akuluakulu. Dengalo lakhala likudontha zaka ndi zaka. Ndinadziwa chimene ankapitira, nawonso anadziwa kuti ndadziwa. Anaima pakhomo atamanga kachikwama pakaliyala wa njinga yawo, akundiyang'ana ngati pali mawu amene akudikira.

Ndinati, "Mutenge jekete ija, kumeneko kumazizira m'mawa."

Atakhota pa mpanda wa tchalitchi, mtima wanga unakhala pansi. Zimenezi ndi zimene zimandivuta kwambiri ndikamakumbukira. Ndinasesa pabwalo ndikuimba.

Achitetezo aja sanawoloke malire. Anatumiza uthenga kudzera kwa achimwene kuti ndikakumane nawo ku Muloza, pamalire mbali ya Malawi. Ndinavala kapulana, chitenje changa cha pa Pasaka, n'kuyenda pakati pa onyamula matumba a chimanga ndi a njinga zakabaza mpaka tsidya linalo. Anali awiri, bambo wamtali wosalankhulalankhula ndi mayi wovala magalasi. Tinakhala m'kanyumba kogulitsira tiyi. Ndinkayembekezera anthu oopsa, koma mayiyo anayamba n'kundifunsa ngati nandolo wachita bwino chaka chino.

Anafunsa kumene achimwene anabadwira. Anafunsa ngati anakhalapo ndi bilyeti, chiphaso chathu cha kuno, ndinati ayi. Anafunsa kuti akabwera ku Milange amafikira kwa yani, amacheza ndi yani, ali ndi munda kapena nyumba kuno kapena ayi. Ndinayankha zonse. Ndikalakwitsa n'kuponyamo mawu a Chipwitikizi, mayiyo ankamwetulira n'kundipempha kuti ndibwereze.

"Nanga bambo akunyumba?" anafunsa bambo wamtali uja.

"Ali ku Molumbo. Akufolera nyumba ya mlongo wawo."

"Amagwira ntchito yanji?"

"Amalima. Amakonzanso njinga."

Anayang'anana pang'ono. Mayiyo anati, "Tikanakonda kuwapatsa moni." Sanafunsenso china chokhudza iwo. Sindinaname ngakhale liwu limodzi, ndipo pobwerera ndinkadziuza zimenezo njira yonse.

Ndinkaganiza kuti nkhaniyo itha msanga, koma aphungu aja anaimitsa kaye zokumana zawo, kenako anaimitsanso. Achimwene ankati mayina ndi ambiri, ena awabweza, ena akudikirabe malipoti a achitetezo. Mvula inayamba. Msewu wa ku Molumbo unasanduka matope okhaokha. Amuna anga ankaimba mwa apo ndi apo, chifukwa kumudzi kwa mlongo wawo foni imagwira munthu akakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu.

M'masiku amenewo mwana wathu wamkazi anachira. Anali mdzukulu wathu woyamba, wamwamuna. Amuna anga anali atamusemera kale kampando kakang'ono, ngakhale tinkawaseka kuti khanda silikhala pampando. Ataimba ndinawauza. Ndinamva akupuma mwamphamvu, mphepo ikuwomba pafoni.

"Ali bwino onse?"

"Ali bwino. Wafanana ndi inu pamphumi."

"Ndibwere?"

Ndikanangoti bwerani. Achitetezo anali atapita kale, panalibe amene anandiuza kuti adzabweranso. Koma ndinaganiza za aphungu, ndinaganiza za anthu a pamalire amene amaona aliyense wodutsa, ndinaganiza za achimwene atakhala pampando kutsogolo kwa anthu ovala masuti.

"Aphungu sanamalize," ndinatero. "Dikirani pang'ono."

"Chabwino, mayi."

Mwanayo anatuluka m'chikuta agogo ake aamuna kulibe. Dzina anamupatsa ndi a kuchimuna. Mwana wanga anandifunsa kawiri konse kuti denga lanji losatha, ine n'kumuuza kuti msewu waipa.

Nkhani yoti aphungu avomereza achimwene tinaimva pa wailesi ya tsidya linalo, imene kuno imamveka bwino kuposa yathu. Anthu a kutchalitchi anabwera kudzandigwira chanza. Ndinatumiza uthenga ku Molumbo, ndipo amuna anga anafika patapita masiku, akukankha njinga, ataonda. Anali atadwala malungo kumeneko osandiuza. Anasamba, n'kupita kukaona mdzukulu. Anamunyamula nthawi yaitali.

Achimwene asananyamuke ulendo wawo anabwera kudzatsanzika kumanda a mayi. Anasiya galimoto ku Muloza n'kuwoloka wapansi monga amachitira nthawi zonse. Titachoka kumanda tinakhala pakhonde, iwo, amuna anga ndi ine, ndipo anatifotokozera mmene zinayendera. Anati aphungu anawafunsa za malonda a pakati pa mayiko, za Amalawi ovutika kunja, za chifukwa chimene anachokera ku unduna wina kupita ku wina. Anatuluka thukuta, anatero, mpaka malaya kumamatira.

"Ndiye phungu wina wachikulire anafunsa za inu, alamu."

Amuna anga anaweramitsa mutu.

"Anazidziwa bwanji?" ndinafunsa.

"Ndinawauza ndekha achitetezo aja, tsiku loyamba lenilenilo. Zinthu zoterezi ukabisa ndiye zimakugwetsa." Anamwa madzi. "Phunguyo anati, tamva kuti mlamu wanu anagwirapo mfuti pa nkhondo ya dziko lina. Ndinati inde, ankhondo anamugwira ali mwana. Ndinati ndi yemweyo amene ankanyamula mayi anga panjinga kupita nawo kuchipatala, ine ndili muofesi ku Lilongwe. Anangogwedeza mutu, n'kupita pa funso lina."

Nkhuku inadutsa pabwalo ndi anapiye ake.

"Koma alamu, ku Molumbo munakhalitsako," anatero achimwene. "Anthu aja anandiuza kuti sanakupezeni."

"Denga linali lalikulu," amuna anga anayankha.

Achimwene anandiyang'ana. Sindidziwa ngati anamvetsa. Ndinadzuka n'kupita kukaona madzi pamoto, ngakhale panalibe amene anapempha tiyi.

Tinawaperekeza mpaka pamalire. Pobwerera tinayenda awiri m'mbali mwa msewu, malole akutithira fumbi. Titayandikira msika ndinati, "Bambo, za ku Molumbo zija."

"Ndinapita ndekha," iwo anatero. "Simunandithamangitse."

"Koma sindinakuletseni."

Anapitiriza kuyenda.

"Ayi. Simunandiletse."

Sananene mokalipa. Anaima pa wogulitsa zitsulo za njinga n'kuyamba kusankha masipoko, ine ndinaima pambali kuwadikira.

Tikukhalabe monga kale. Timalima limodzi, Lamlungu timapita ku Misa limodzi. Sananditchulirepo nkhaniyi. Koma kale alendo anga akabwera, a kumpingo kapena a kubungwe la alimi, ankakhala nawo n'kumacheza. Masiku ano amapereka moni, kenako amapeza chochita kuseri kwa nyumba. Ndikawaitana amabwera. Ndikapanda kuwaitana sabwera, ndipo pena ndimazindikira alendo atapita kale kuti ndinaiwala kuwaitana.