A Chikaonda ndi Mbawa ya Amuna Anga

M'chaka cha 1998, m'nyengo yachisanu, a Paxton Chikaonda anafika ku Old Town kuchokera kwawo ku Mitundu, atanyamula matchizulo asanu ndi mota ya pampu yakale. Anapeza kashedi ka malata kumbuyo kwa sitolo ina ku Malangalanga, namanga okha makina awo osemera mbale. Mota inkazunguza lamba, lamba ankazunguza chipika, iwo n'kumangokhudzitsa tchizulo, utuchi n'kumauluka ngati ngumbi. Ine ndinawaona koyamba Lachiwiri pa 9 Juni chaka chomwecho, ndikufunafuna wosoka nsapato. Nsapato ndinabwerera nazo zosasoka, koma ndinagula mbale ya mlombwa imene ndimaikamo makiyi mpaka lero.

Anali bambo wamfupi, woseka ndi mapewa omwe, nsidze zili mbuu ndi utuchi. Chimene anatchuka nacho ndi mphuno. Munthu akabwera ndi chipika, iwo ankachipala pang'ono, kununkhiza, kuchiyeza m'manja, nthawi zina kunyambita, kenako kutchula dzina. Mlombwa, muwanga, mphingo, tsanya, malaina, bulugama: onse ankawadziwa ngati abale awo. Mbale ikatha ankatenthetsa waya pa mbaula n'kulemba pansi pake dzina la mtengowo. Ogulitsa ziboliboli ku City Centre ankawanyengerera kuti azipaka malaina polishi wakuda wa nsapato n'kulembapo kuti mphingo.

"Mufuna malaina ovala nsapato?" ankatero a Chikaonda. "Pakani nokha. Waya wangayu sanama."

Magetsi akathima sankadandaula. Ankatulutsa zipika panja n'kumafunsa odutsa mayina ake ngati mayeso a kusukulu. Ine amene ndinaphunzitsa zaka makumi atatu ndinalephera kanayi.

Nkhani yanga ndi iwo inafika mu 2015. Pakhomo pathu ku Area 10 panali mtengo waukulu umene amuna anga, malemu a Zondiwe Mkandawire, anabzala chaka chimene mwana wathu Deborah anabadwa. Alendo onse ankawatengera pansi pake n'kunena monyada kuti, "Mbawa ya Deborah iyi." Iwo anatisiya mu 2009, ndipo Loweruka pa 17 Januwale 2015 mphepo yamkuntho inaugwetsa mtengowo, n'kuphwanya mpanda pang'ono. Ukwati wa Deborah unali utakonzedwa kale kuti udzachitike pa 3 Okutobala. Ndinaganiza kuti bambo ake akapezekepo mwa njira imeneyi: mbale khumi ndi ziwiri za mtengo wawo, zoti mwana akalowe nazo m'banja.

Nditawatumira uthenga, a Chikaonda anabwera pa minibasi Lachiwiri lotsatira. Anazungulira thunthulo, anapala khungwa, ananunkhiza. Kenako anatola tsamba, kulifikisa, n'kununkhizanso.

"Amayi, mwati mtengo wanji uwu?"

"Mbawa. Anabzala okha a Mkandawire."

"Unkagwetsa zipatso zolimba, zazikulu ngati chibakera?"

"Ayi, tating'onoting'ono, tikauma timayasama ngati nyenyezi."

"Nanga timitengo tamera m'maluwa monsemu?"

"Timavuta chaka chilichonse. Ndi ana a mbawayo."

Anavula chipewa. "Pepani amayi. Uyu ndi sendelera. Ngofiira ngati mbawa, inde, koma ngopepuka, ndipo fungo lake tamvani. Mbawa sinunkhira chonchi."

Ndinakana kununkhiza. Ndinawauza kuti amuna anga anagwira ntchito m'boma zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndipo sankalankhula zinthu zimene sakuzidziwa.

"Za m'maofesi ankazidziwadi," anatero a Chikaonda mofatsa. "Mbale ndisema, zidzakongola. Koma pansi pake ndidzalemba sendelera."

"Mudzalemba mbawa."

"Tiyeni tiyambe tasema, amayi. Waya ndi womalizira."

Mtengo wauwisi sufuna phuma. Mu Febuluwale anasema mbalezo mwachisawawa, zokhuthala ngati mitondo, n'kuzikwirira m'matumba a utuchi kuti ziume pang'onopang'ono osang'aluka. Mwezi uliwonse ndinkapita kukaziona, ndipo mwezi uliwonse tinkakangana.

"Zili bwanji mbawa zanga, a Chikaonda?"

"Sendelera wanu wadzuka bwino, amayi. Akupereka moni."

Akazi awo a Efelo, amene ankagulitsa mandasi pakhomo pa shediyo, anandiuza kuti ndisataye nthawi. "Ine ndinawapempha alembe dzina langa pa chipande, anandilembera kuti jakaranda."

Mu Ogasiti anazibwezera pamakina, kuzisema bwinobwino, kuzikwecha ndi sanipepa, kuzipaka mafuta. Zinatuluka zofiirira, zowala, mizere ikuyenda ngati madzi. Pa 21 Sepitembala zonse khumi ndi ziwiri zinali pa shelefu, pansi pake posalembedwa kanthu. Kunatsala masiku khumi ndi awiri.

"Mukhoza kuzitenga choncho," anatero. "Koma mbale yopanda dzina sinatulukepo muno. Anthu adzati Chikaonda wakalamba, mphuno yafa."

Pamenepo sanaseke. Ndinaona kuti nkhaniyi yawalemera ngati mmene yandilemerera ine. Ine sindinkafuna kuti paukwati wa mwana wanga mbale zinene kuti bambo ake ankalakwitsa. Iwo sankafuna kuwotcha bodza ndi waya wawo.

Ndinawauza kuti ndibwera ndi umboni. Kuyambira mu 1976 ndimalemba zochitika za tsiku lililonse m'mabuku, ndipo onse ali m'sutikesi. Ndinali wotsimikiza kuti tsiku lobzala mtengowo lilimo. M'mawa mwake ndinatulutsa buku la 1984, ndinapeza tsambalo, ndinaliwerenga kawiri, kenako ndinakhala pansi n'kuseka mpaka misozi. Ndinakwera galimoto ndi bukulo kupita ku Malangalanga.

"Zimitsani makinawo, a Chikaonda. Mverani."

Ndinawerenga mokweza: "Loweruka, 15 Disembala 1984. Mvula yambiri. Zondiwe wabwera ndi mbande imodzi. Akuti mbawa zinatha, watenga sendelera. Akuti ndisauze achimwene ake a Ackson, amene abzala mbawa zitatu ku Area 12, chifukwa amuseka. Akuti ukadzakula palibe adzadziwe."

A Efelo anagwetsa mphanda yovuulira mandasi. A Chikaonda anakhala pa chipika, mapewa akugwedezeka.

"Ndiye kuti bwana ankadziwa!"

"Ankadziwa. Ine ndi amene ndinaiwala. Ananena mbawa kambirimbiri mpaka ndinakhulupirira, pamene dzanja langa lomwe linalemba zoona."

"Zaka makumi atatu palibe anadziwa," anatero akupukuta m'maso ndi chipewa. "Anali katswiri bambo amenewo. Anangoiwala kuti ku Mitundu kuli mphuno."

Anayatsa mbaula pomwepo. Pansi pa mbale iliyonse analemba kuti, "Sendelera. Anabzala Z. Mkandawire, 15.12.1984." Aka kanali koyamba kulemba dzina la munthu pa ntchito yawo, ndipo a Efelo ananena kuti chipande chawo chibwerere pa waya tsiku lomwelo.

Paukwati, alamu anga a Ackson, ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, anatembenuza mbale imodzi, anavala magalasi, anawerenga. Kenako anamenya tebulo.

"Ndinkadziwa ine! Mtengo wanji wokula msanga chonchija, zanga zikadali m'chiuno? Zondiwe wakuba iwe!"

Deborah anaiseka nkhaniyi kuposa tonse. Mbalezo azigwiritsa ntchito zaka zonsezi ndipo palibe yang'aluka.

A Chikaonda anapitiriza kusema zaka zina zisanu ndi zitatu. Mitengo yachilengedwe itayamba kusowa, ankangosema yogwa yokha ya m'mipanda ya ku Area 10 ndi Area 43: jakaranda, mango, mapeyala. Alonda ankawaimbira foni mtengo ukagwa. Aliyense wobwera ndi chipika n'kuumirira dzina lolakwika ankauzidwa kuti, "Kafunseni kaye buku la Mayi Mkandawire."

Maso atayamba kuchita chifunga anati tchizulo sichifuna munthu wongoganizira. Anamasula makina awo, anakweza mota ya pampu ija pa lole ya fodya yobwerera kumudzi, a Efelo atakhala kutsogolo. Ine anandisiyira kambale kakang'ono ka mbawa yeniyeni, akuti ndizinunkhiza kuti ndisadzalakwitsenso. Lole inanyamuka pa Malangalanga nthawi ya 10 koloko m'mawa, Loweruka pa 3 Juni 2023.