Chilimwe Chimene Akazi Tinakwera Padenga

Ena amati fungo la oilo wakuda wopaka matabwa kuti asadyedwe ndi chiswe limawadwalitsa mutu. Ine ndikalimva ndimangomwetulira ndekha, chifukwa limandibwezera pa famu ina ya mishoni kumtunda kwa Bangula, chilimwe chimene ndinali kamtsikana kosamva, ka miyendo yotuwa.

Chaka chimenecho Shire ndi Ruo anachita kupangana kuti atisamutse. Nyumba yathu ya kufupi ndi Chiromo inasungunuka ife tikuona tili m'bwato, ndipo mabanja ambiri tinakaunjikana m'shedi ya thonje ya pafamupo. Munkamveka fungo la thonje lakale, mlamba wowamba ndi thukuta la anthu. Banja lililonse linkadzitchingira ndi mikeka ndi masaka, koma wina akatsokomola kumapeto uku, wa kumapeto uko ankamupepesa. Madzi atangophwa, bambo anapita ku migodi ku Joni, kusiya amayi ali ndi pakati. Amayi ankanena mosabisa kuti sangachirire m'shedi, amuna a eni akumvetsera kuseri kwa saka. Chipatala chinali kutali, ndipo msewu unali utakokoloka.

Kenako kunabwera azungu achikhristu ochokera kutsidya kwa nyanja, anthu ongodzipereka, kudzatithandiza kumanga. Dzuwa la kwathu silinawapatse ulemu ngakhale pang'ono. Linawafiiritsa, kenako n'kuwasenda mphuno ngati mbatata yowotcha. Ankayamba ntchito ndi nyimbo ndi pemphero, m'Chichewa chokhotakhota chimene ife ana tinkachiseka titagwira pakamwa. Koma dothi ankaponda limodzi ndi amuna a kwathu, zikombole ankanyamula, ndipo nyumba zinkadzuka imodziimodzi. Yathu inali yomaliza pamzere. Makoma atangotha, kalipentala wawo, bambo wina wandevu, anagwidwa malungo ndipo galimoto inamutengera ku Blantyre.

Amuna a kwathu ankadziwa kufolera ndi udzu ndi milaza, koma malata anali asanawagwirepo. Wodziwa denga amene anatsala anali mtsikana wamtali wotchedwa Magi, mwana wa kalipentala, amene akazi anamupatsa dzina loti Nanyundo chifukwa sankasiyana ndi nyundo yake. M'mawa wina anatuluka atavala thalauzi imene anaibisa m'chikwama, n'kukwera pakhoma lathu. A Fombe, kapitawo wa pafamu, anathamanga mpaka chipewa kugwa. Masiku amenewo mkazi wovala thalauzi ankapalamula mlandu, ndipo nkhani ikadafika kwa anyamata a chipani ku Bangula, mishoni yonse ikadayankha.

Magi anatsika, n'kukavala siketi yake yaitali, n'kukweranso. Apo ndiye amuna onse anatembenuka n'kuyang'ana kuthengo. "Nkhabe, ayi ndithu, ife sitingaime pansi mayi ali pamwamba," anatero a Fombe, maso ali pazala zawo zakumiyendo. Azungu aamuna anayesa kumupatsira mapaso okha, koma siketi inkakola m'misomali, mphepo nayo osathandiza. Ntchito inaima. Madzulo aliwonse mitambo inkaunjikana pamapiri a ku Mozambique, ndipo amayi ankayenda atagwira msana.

Anatipulumutsa ndi amayi aang'ono a Dominga, mng'ono wawo wa amayi, mkazi wogulitsa nsomba, wa pakamwa posatopa. Anamukokera Magi kuseri kwa nyumba, n'kumumanga chitenje monga tinkamangira tikamalowa m'dambo kukazula nyika, mizu yodyedwa ya maluwa a m'madzi: nsalu kuipititsa pakati pa miyendo n'kuipisira kumbuyo. Kenako anawauza a Fombe kuti, "Bambo, lamulo latchula thalauzi, chitenje silinachitchule. Inu tengani amuna anuwa mukaotche njerwa za khola, kuno kwatsala ife."

Ndimo mmene akazi tinalandirira denga. Ine, amene ndinkakwapulidwa kawirikawiri chifukwa chokwera mitengo ya bwemba, ndinauzidwa ndi anthu akuluakulu kuti ndikwere. Kukoma kwake! Pamwambapo ndinkaona dambo lonse likunyezimira, akakowa ali mbuu, ndi utsi wa anthu owamba nsomba. Magi anatiphunzitsa kuponda pamene pali phaso pokha, ndi kukhoma msomali pamsana pa lata, osati m'ngalande mmene mumadutsa madzi. Dzuwa likakwera malata ankaotcha mapazi, ndiye tinkayamba mbandakucha n'kutsika kukabisala mumthunzi, tikumwa madzi a malambe. Amayi aang'ono ankayambitsa nyimbo zosinjira mapira, nyundo zikulowa m'malo mwa minsi, ndipo Magi ankavomera mawu amene sankawadziwa tanthauzo lake. Mwina zinali bwino kuti sankadziwa, chifukwa zina zinali zonena amuna.

Tsiku lina kunabweradi mnyamata wa chipani wa malaya ofiira panjinga. Anaima n'kuyang'ana m'mwamba, mitima yathu n'kuima naye. Mwatsoka lake, pamwamba penipeni panali azakhali ake. "Iwe Zuze, ukuyang'ana chiyani kuno? Tembenuka!" Anatembenuka ndi njinga yomwe, ndipo tinaseka mpaka misomali kugwa m'kamwa.

Tsiku lomaliza kunacha kotentha modabwitsa, kopanda ndi kamphepo komwe. Tinagwirizana zosapuma masana, ndipo tinkathira madzi pamalata kuti tipondepo. Amayi anayala mkeka pansi pa mtengo wa msawu moyang'anizana ndi nyumba, atatsamira tsinde, nsonga ya nsalu ili kukamwa. Ndikawakweza dzanja, ankandigwedezera mutu. Mabingu anayamba kulira kutsidya, mphepo inanyamula fumbi, ndipo Magi anakhoma msomali wotsiriza madontho akuluakulu akugwa kale.

Titangotsika, amayi anaitana chapansipansi, "Dominga, bwera undidzutse." Akazi aja anayang'anana, anasamba m'manja mwachangu, n'kulowa nawo m'nyumba. Magi anafuna kutsatira, koma amayi aang'ono anamutsekera njira akuseka. "Nanyundo, iwe sunabereke. Denga ndi lako, koma m'katimu simwako." Choncho mmisiri wathu anakhala nane pakhonde, tonse ana, tikumvera mvula ikuimba pamalata athu. Phokosolo linali lalikulu moti sindinamve chilichonse cha m'nyumba, kufikira nthungululu zitaphulika. Anali mlongo wanga. Magi analira, chitenje chake chili chonyowa, ndipo atamulola kusuzumira pakhomo, amayi anangomuthokoza mwachikwathu kuti, "Takhuta, mwananga." Pansi ponse panali pouma.

Kwa zaka zambiri ndinkauza anzanga kuti mlongo wanga anali mwana waulemu, amene anadikira kuti timalize denga ndipo kenako n'kubwera. Ndinkakhulupiriranso kuti amayi anakhala pansi pa msawu tsiku lonse lija kuti azindinyadira. Nditachira mwana wanga woyamba, ndinawafotokozera amayi aang'ono nkhaniyi, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi. Anandiuza kuti matenda anawayamba amayi kusanache. Anadziwa kuti akangobuula kamodzi, akazi onse atsika padenga, choncho analuma nsalu n'kukhala chete mpaka nyundo zitasiya kulira.