Chipumi cha Gabrieli pa kompyuta ya Jossias

Mayi Anastaziya a ku Itepela ndinawadziwira pakhonde pa sitolo ya Jossias ku Cuamba, pamene ine ndinkagulitsira mandasi. Anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, wa mapazi ong'aluka zidendene. Nthawi ya nkhondo ankathawira ku Malawi, ndipo mfuti zitalira panjira ya ku Mandimba, mwana wawo Gabrieli anawapulumuka m'manja. Mtendere utabwera, anzawo anabwerera kukadzutsa mabwinja ndi kulima fodya. Iwo ayi. Ankangoyenda m'matchalitchi ndi m'misika, kufunsa za mnyamata wa chipsera cha moto pachipumi.

Patapita zaka zambiri, katekisiti wina anawauza kuti pa intaneti pali tsamba la bungwe lina loikapo zithunzi za anthu ofunafuna abale awo. Mpamene anafika kwa Jossias, yemwe anali ndi makompyuta awiri akale kumbuyo kwa matumba a shuga. Jossiasyo munthu wonenepa khosi, woseka ndi mano okha. Ine sindinamukondepo, ndipo sindibisa.

Masiku amenewo intaneti inkadzera pa waya wa foni, ndiye chithunzi chinkatsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba: tsitsi kaye, kenako chipumi, maso pambuyo. Jossias anatsegula navegadori, pulogalamu yoonera masamba ija, n'kumadinadina. Chithunzi china chinatsika mpaka pansidze, chipsera chili mbee, basi foni n'kuduka.

"Mayo! Ndi iyeyu!" anakuwa Mayi Anastaziya. "Bambo, musatseke, chonde musatseke!"

Iwo ankaganiza kuti chithunzicho chili m'bokosimo ngati mmene chimakhalira m'felemu, kuti chikungochedwa kutuluka. Anavula kapulana wapamwamba, chitenje chija, n'kufunditsa kompyutayo kuti fumbi lisalowe. Jossias anaona zonsezi, ndipo anaona wantchito waulere.

Navegadori ija imatha kusunga tsamba mmene lilili, munthu n'kumalitsegula ngakhale foni itazulidwa. Jossias anasunga theka la nkhope lija. Kenako anawauza kuti, "Mayi, makina awa amafuna kuleza mtima. Muzibwera m'mawa uliwonse, muzisesa, muzitunga madzi, ine ndizikutsegulirani. Tsiku lina maso atuluka."

Mayi Anastaziya anasiyiratu munda wawo ku Itepela, n'kumagona kukhitchini kwa msuweni wawo. Ankasesa, kukolopa, kuchapa zovala za ana a Jossias. Akamaliza, iye ankayamba wazula waya wa foni kuseri, kenako n'kuwatsegulira chipumi chija. Iwo ankakhala pampando manja ali pamiyendo, kudikira. Nthawi zina ankatuluka akumwetulira n'kundiuza kuti, "Amake Tina, lero zikope zinatsala pang'ono." Ine ndinkavomera, poti za makinawo ndinkazidziwira kuti? Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha.

Tsiku lina Jossias anapita ku Nampula kukaoda katundu, n'kusiya mkazi wake pasitolo. Kunabwera Luciana, mphunzitsi wa kusekondale, kudzatumiza uthenga. Analumikiza yekha foni, ndipo pocheuka anaona mayi ali duu pa kompyuta inayo.

"Mayi, mukudikira chiyani?"

"Nkhope ya mwana wanga ikutsika, mwanangu."

Luciana anawerama n'kuyang'ana kamzere ka pamwamba kamene kamasonyeza kumene tsamba likuchokera. Nkhope ya mphunzitsiyo inasintha. "Ili silikutsika ayi. Ili ndi losunga, lakhala chonchi kuyambira kale." Anasamutsira waya ku kompyutayo n'kudina dzina la bungwe lija. Anandiitana, ndinalowa manja ali mafuta okhaokha.

Abale inu, sizinatenge ndi nthawi yokazinga mandasi poto imodzi. Tsitsi, chipsera, maso, mphuno, kandevu. Mnyamata wamkulu, wofanana ndi mayi ake ngati kulavula. Mayi Anastaziya anagwira galasi ndi manja onse awiri, kuseka ndi kulira pamodzi. "Gabrieli! Wakula chonchi iwe?"

Pansi pa chithunzicho panali mawu a Chipwitikizi. Luciana anayamba kuwerenga mokweza: amakhala ku Gurue, akufuna mayi ake a ku Itepela, m'boma la Ngauma. Kenako anatsitsa mawu. Panali mzere wina wowonjezera pambuyo pake. Gabrieli anali atamwalira ndi chifuwa dzinja lomwe linali litangotha.

Jossias atabwera, ndinamutukwana mpaka mawu anandithera, anthu a pamsika atazungulira. Mukudziwa chimene anayankha? "Kodi ndinamupha ndine? Foni ija ndimalipira ndekhatu. Ndipo mayiwa amadya pano." Anafunsanso mkazi wake kuti ndani analola mphunzitsiyo kugwira waya. Mpaka lero ndikamuona akulandira mgonero m'tchalitchi, ndimayang'ana kumbali.

Mayi Anastaziya ndinawaperekeza pa shapa, minibasi ija, kupita ku Gurue. Tinapeza manda opanda mtanda kuseri kwa minda ya tiyi, ndi mayi wina wokalamba amene anamutola Gabrieli panjira n'kumulera. Anatipatsa mpando, anatipatsa madzi, kenako anafunsa kumene tachokera.

"Ku Cuamba," ndinatero.

"Ku Cuamba? Iii, bwenzi mutakumana nayetu," anatero mayiwo. "Asanadwale ankabwera komweko sabata iliyonse, kudzagulitsa tomato pasiteshoni ya sitima."

Siteshoniyo, ukaima pakhonde pa Jossias, umaiona denga.