Makoswe odya waya

Ndinadzidzimuka tsiku limene mwana wanga wamkulu, wa zaka zinayi, anayamba kuyimba kanyimbo pampopi wa kuseri kwa nyumba. Kanali kanyimbo koyambira nkhani pa wayilesi ya kunja, ija bambo ake ankamvera Lamlungu masana atatseka mazenera. Mlonda wa nyumba yoyandikana nafe anali pampanda pomwepo, akudya nzimbe.

Tinali titangosamuka kumene ku Zomba, nthawi ija maofesi a boma ankabwera ku Lilongwe. Anatipatsa nyumba ku Area 15, yonunkha simenti, pabwalo fumbi lofiira lokhalokha. Masiku amenewo munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha zimene wamvera, ana ake n'kutsala pamtetete. Ine ndinali ndi awiri, wina kumsana.

Wayilesiyo inali yaikulu ngati kabati, yoyimbanso mbale za nyimbo, ndipo amuna anga ankaipukuta okha ndi mpango wa m'thumba.

"Bambo a mwana, wayilesi yanu ikumveka panja," ndinawauza.

Sanakangane nane. Anabwera ndi mnzawo wa ku Mpoto wokonza mawayilesi, atanyamula kabokosi koyezera phokoso, kokhala ndi singano yovina. Anayatsa wayilesi, anayeza pabalaza, anawomba m'manja pakona, anatuluka pakhonde, anafika mpaka kumsewu.

"Alamu, onani nokha, singano yagona," anatero mnzawoyo. "Apa ngakhale mphaka sangamve."

"Mukayezenso kumpopi," ndinatero.

"Kumpopi? Mukufuna tikachape matewera?" Amuna anga anaseka mpaka kutsokomola. "Makutu a sitandade faifi ayamba liti kuposa makina?"

Anayeza monse moima abambo. Koma kuseri, pamwamba pa khoma, panali timabowo tolowera mpweya, ndipo ukawerama pampopi mawu ankatsika bwinobwino ngati munthu akukunong'oneza, dzina lililonse, liwu lililonse. Ine ndinkakhala pamenepo tsiku lonse. Mwana wanganso. Mlonda uja naye ankatunga madzi chapafupi.

Ndinatseka timabowoto ndi matewera akutha. Mawu anachepa, koma sanathe. Lamlungu lililonse ndinkatsegula mpopi mwamphamvu, kumenyetsa zovala pamwala, kuyimba nyimbo za kutchalitchi mpaka kukhosi kuuma, maso ali kumpanda. Ndinatopa, abale. Galimoto ikangoima pamsewu, ndinkathamangira kukasuzumira pazenera.

Tsiku lina mlonda uja anandipatsa moni, kenako anati, "Mayi, kamwana kanu kali ndi mawu abwino. Nyimbo ija ndi ya mpingo wanu?"

Mpaka lero sindidziwa ngati ankandichenjeza kapena ankanditchera. Ndinangoti eya.

Ndinali nditaona kuti wayilesi ya kunja inkagwira chifukwa cha waya wochokera kuseri kwa kabatiyo, wodutsa kudenga kupita pansungwi yaitali yozikidwa panja. Lolemba, iwo atapita ku ofesi, ndinagoneka ana, ndinakwera pampando, ndinatsegula kachitseko ka kudenga. Sindinadule kamodzi. Ndinakukuta wayayo pang'onopang'ono ndi mpeni wobuntha, kuti aoneke ngati wadyedwa ndi makoswe. Fumbi linkandigwera m'maso.

Lamlungu wayilesi inagwira ya konkuno yokha. Anakwera kudenga, anatsika akutukwana makoswe, analumikiza. Lolemba makoswe anadyanso. Analumikiza. Anadyanso.

Kenako anagula msampha kumsika wa ku Area 1, n'kundipatsa ine, akundiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkautchera ndekha, ndi kamtedza, pafupi ndi wayayo. Mpeni ndinkausunga m'thumba la matewera.