Mawu amene Agnesi anasunga

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ntchito ya pa kompyuta ku ofesi ya esiteti anaipereka kwa mphwake wa manijala, munthu wolemba ndi chala chimodzi. Ine satifiketi m'manja, anandiuza kuti malo alipo kothyola tiyi. Ndinakwera basi ya ku Joni, n'kusiya mayi ndi mng'ono wanga Agnesi ku Khwethemule.

Ku Joni ndinachapira anthu zaka ziwiri, kenako ndinagwa m'manja mwa mzungu wina wokalamba wosunga makompyuta akalekale, amene magemu ake ankakhala pa makaseti. Ntchito yanga inali kumasulira magemuwo. Mkati mwake muli manambala okhaokha, ndipo amene anawalemba ambiri anafa osasiya tanthauzo. Umasintha nambala imodzi, n'kuyatsa gemu, n'kuona chasintha: kamunthu kasiya kudumpha, ndiye kuti mzere uwu ndi wodumphitsa. Umalemba pambali. Mzere ndi mzere, mpaka mlendo aliyense athe kuwerenga.

Ndinkaikonda ntchitoyi, ndisaname. Inkandiiwalitsa kuti Lamlungu lonse limatha osayankhula ndi munthu. Ndalama ndinkatumiza, koma mauthenga a mawu a Agnesi ndinkangowadumpha, poti onse anali madandaulo. Wonena kuti mayi agwa ndinaumvera patatha masiku asanu ndi anayi.

Nditafika kwathu, ndinawapeza atafa mbali imodzi, Chichewa chonse chitawathawa. Chinatsala ndi Chilomwe cha ubwana wawo. Agnesi, amene anakulira m'munda pafupi nawo, amachimva. Ine wa kusukulu yogonera konko, ndimangodziwa moni.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Si inu omasulira makina a azungu, achemwali? Masulirani," anatero Agnesi akufinya nsanza.

Ndinapsa mtima, koma ndinatenga kope n'kuchita zomwe ndimadziwa. Mayi akatchula liwu, ndinkawapatsa madzi n'kuyang'ana nkhope. Akakana, ndinkawatembenuza. Pomatha sabata ndinali nditapeza mawu a madzi, kuzizira ndi kupweteka. Ndinkadziona ngati katswiri.

Masana ena mayi anandigwira dzanja, n'kuyankhula nthawi yaitali, motsitsa, maso ali pa ine. Dzina langa linamveka katatu. Ndinalemba mmene ndinamvera. Agnesi anaima pakhomo, akumva zonse. Mmawa mwake mayi anasiya kuyankhula, ndipo Loweruka tinaika maliro.

Ndinapita ndi kope lija kwa azakhali, n'kuwawerengera. Anaseka mpaka kutsokomola. "Chimenecho si Chilomwe, mwanawe. Kapena ndi cha ku Joni."

Ndinamutsatira Agnesi kuntchito, pakati pa mizere ya tiyi, dengu lili kumsana. Ine mkulu wake ndinagwada pa dothi lonyowa, anthu akuona.

"Anali mawu anu, n'zoona," anatero, manja osasiya kuthyola. "Anati ndikuuzeni."

"Ndiye ndiuze."

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndikukutumizirani mawu. Inu munatenga sukulu, munatenga Joni. Ine ndatenga zilonda zawo ndi zofunda zonunkha. Awa ndasunga, ndi anga."

Kapitawo anakuwa kuti ndikuchedwetsa ntchito, ndichoke mumzere.

Ndinkaganiza kuti kwathu ndi kumene sindifunikira womasulira. Ndabwerera ku Joni, ndipo mwezi uliwonse ndimamutumizira Agnesi uthenga wa mawu. Foni imandionetsa kuti wafika. Sanatsegulepo ngakhale umodzi.